Khomo Litalike

M'dziko la Indebwana, limene simungalipeze pa mapu chifukwa wojambula mapu atafunsa malire ake anangoyankhidwa kuti "mmene mwaoneramo, bwana," munali nyumba imodzi imene anthu ankainyadira. Inali pakati pa mzinda wa Zilibwino, moyang'anana ndi msika. M'makalata a boma inkatchedwa Nyumba ya Uphungu ya Ufumu Wonse, koma mukanafunsa njira ndi dzina limenelo, amayi ogulitsa matemba akanakulozerani kuchipatala. Aliyense ankangoti kwa Weramani.

Dzinali linabwera chifukwa cha khomo. Nyumbayo inali yaikulu ndithu, ya njerwa zootcha, makoma ake ochindikala moti mbuzi inkatha kugona pazenera osagwa. Koma khomo lake, limodzi lokhalo, linkalekeza pachifuwa pa munthu wamkulu. Wolowa aliyense, kaya ndi nduna kaya ndi wodzasesa, ankayamba wapinda msana.

Inamangidwa m'nthawi ya Mfumu Ndinedi Woyamba, ndi njerwa zimene mudzi uliwonse unaumba n'kusenza pamutu. Mafumu otsatira sanafune kuisiya mmene anaipezera, poti mfumu yosasiya chizindikiro imaoneka ngati inangodzadya. Ndinedi Wachiwiri atamva kuti mfumu ya tsidya la mtsinje yamanga nsanja, nayenso anamanga yake, yaitali kuposa ya mnzakeyo, pamwamba pa khomo penipeni. Mpaka lero akuluakulu akamatchula nsanjayo lilime limawaterereka n'kunena kuti nsanje. Pansanjapo anaikapo wotchi yaikulu imene inayenda masabata awiri n'kuima pa 12 koloko masana. Palibe anaikonza, chifukwa nduna zinaona kuti wotchi yonena kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana ndi wotchi yosanama. Ndinedi Wachitatu anatseka ndi njerwa mazenera onse a mbali ya kumsika, n'kujambulitsapo ena ndi penti, okongola kuposa enieni aja, kuti anthu aziona okha kuti boma silibisa kanthu.

Mmisiri wosamala nyumbayi anali a Malizani, bambo wa imvi, wamanja okhakhala, amene moyo wawo wonse aliyense wowaitana ankamveka ngati akuwakalipira. Agogo awo ndi amene anamanga nyumbayi, bambo awo ndi amene anakakamizidwa kuisenzetsa nsanja, ndipo iwo ankaidziwa mng'alu uliwonse ngati mizere ya m'dzanja lawo. Ankaikonda nyumbayo, osati pang'ono. Tsiku limene bambo awo ankawasiyira chipande chomangira, anawagwira dzanja n'kuliika pa mtengo wa tsanya wopingasa pamwamba pa khomo.

"Denga ukhoza kusintha, khoma ukhoza kumata," anatero, "koma mtanda uwu usadzaukhudze. Nsanja yonse ija yakhalira pamenepa."

Kwa zaka makumi atatu panalibe anawapempha kuti aukhudze. Mavuto anabwera ndi ulendo.

Mfumu Ndinedi Wachinayi inapita ku Ulaya, kudziko lotchedwa Hangare, kukaphunzira mmene anzathu amalimira. Inabwerako yosatenga mbewu ngakhale imodzi. Inabwera ndi zinthu ziwiri: chithunzi cha nyumba ya akuluakulu a mzinda wina wa kumeneko, yokhala ndi nsanja ndi chikhomo chachikulu, komanso chipewa chakuda chachitali ngati mtondo.

Tsono ku Indebwana kunali mwambo. Mfumu ikamayenda, patsogolo pake pankakhala mlengezi, ntchito yake kufuula chilichonse chimene Mfumu yachita, kuti anthu akutali asaphonye mbiri. Mlengezi wa nthawi imeneyo anali Kholingo, munthu wokhulupirika, wamawu omveka kuseri kwa phiri, amene Mulungu anamupatsa zonse kupatula luso losankha choti anene.

Lolemba m'mawa Mfumu inafika kwa Weramani itavala chipewa chija.

"Mfumu yafika!" anakuwa Kholingo. "Mfumu yaima! Mfumu ikulowa!"

Mfumu inawerama monga inkachitira nthawi zonse, kuiwala kuti tsiku limenelo inali itatalika ndi mkono wathunthu. Chipewa chinagunda mtanda kuti khu!

"Chipewa chagwa!" anatero Kholingo, mawu osatsitsa ngakhale pang'ono. "Chikugubuduka! Chawoloka msewu! Chalowa m'tomato!"

Tomatoyo anali wa a Nangondo, akazi awo a Malizani, amene benchi yawo inali patsinde pa nsanja, pomwe mthunzi umafika masana. Anachitola chipewacho, n'kuchipukuta ndi chitenje, n'kuchipereka kwa msilikali ndi manja awiri. Msika wonse unali chete, chete wa anthu amene aluma milomo.

Tsiku lomwelo nduna zinakhala pansi kuzenga mlandu wa khomo. A Malizani anaitanidwa ngati mboni, ndipo anakhala pansi pakona, chipande chili m'manja.

Woyamba kulankhula anali a Paja, Nduna ya Mbiri. Chaka chapitacho, a Paja omwewa anali atalemba buku lonse lofotokoza kuti khomo la kwa Weramani linafupikitsidwa dala, posonyeza chikondi cha anthu pa mafumu awo. Tsiku limeneli anaimirira ndi nkhope ya munthu amene watulukira njoka m'nkhokwe.

"Mwini dziko, paja ine ndakhala ndikulikayikira khomo limeneli. Kafukufuku amene ndachita kuchokera m'mawa uja wasonyeza kuti linamangidwa ndi adani a chitukuko. Ankadziwa kuti kudzabwera chipewa."

"Ku Hangare," inatero Mfumu, ikuyendetsa chithunzi chija kuti aliyense aone, "munthu amalowa m'nyumba yotere ali pa hatchi, atanyamula mbendera, osawerama. Ine ndinalowamo chilili. Kodi kwa eni ake ndilowe chilili, kwathu ndizikwawa?"

"Mwatero," anayankha Nduna Yaikulu. Dzina lawo lobatizidwa linali litaiwalika kalekale, aliyense ankangowatchula a Mwatero, chifukwa pa zaka makumi awiri za unduna sanapezepo chifukwa chonenera mawu ena. Anali ndi dazi losalala, lowala ngati chipanda chodzola mafuta.

Khomo linafunsidwa ngati lili ndi chonena. Silinayankhe, ndipo a Paja analemba kuti lavomera mlandu.

"Malizani!" inaitana Mfumu.

A Malizani anadzidzimuka, osadziwa ngati akuitanidwa kapena akulamulidwa. Anaomba m'manja mwaulemu.

"Ndili pano, mwini dziko."

"Udule chimtengo chimenecho."

"Mwini dziko, pepani, kamwa langa ndi la mmisiri, silidziwa kukometsa. Mtanda umenewo ndi umene wasenza nsanja. Ukachoka, nsanja ibwera pansi."

"Pansi pati?"

"Pamsika, mwini dziko."

Mitima ya nduna inakhala pansi, poona kuti sikugwera mbali yawo. A Paja ananena kuti m'mbiri yonse ya Indebwana nsanja sinagwepo, choncho palibe umboni woti imagwa. Kenaka lamulo linalembedwa, n'kudindidwa, Kholingo n'kukalifuula pakhomo: "Khomo litalike pofika Loweruka, Mfumu ilowe chilili ndi chipewa chake!" Mmisiri akalephera, anawonjezera a Paja mwaulemu, apita ku Iwalani, ndipo ntchitoyo ipatsidwa kwa mmisiri wina wosavuta. Ku Iwalani kunali kudambo lakutali kumene ankatumizako anthu amene ayankhapo kuti ayi. Palibe anabwerako kudzanena kuti kuli bwanji.

A Malizani anatuluka, n'kuima pakhomo, dzanja lili pa mtanda. Mtima unawawawa. Akadula, nsanja igwera pa benchi ya akazi awo. Akakana, apita ku Iwalani, wina adzadula, nsanja igwerabe pa benchi yomweyo. Anayang'ana wotchi, yomwe inkanena kuti ndi nthawi ya nkhomaliro, koma njala analibe.

Kumsika nkhani inali itafika kale, ndipo inali itaphikidwa n'kuthiridwa mchere.

"A Malizani, mutiuziretu tsiku," anatero wogulitsa makala. "Ine ndikufuna ndidzaime patali bwino, ndione wotchi ikuyenda kamodzi m'moyo wanga."

"Bwanji osangodula chipewacho?" anafunsa mayi wa mandasi.

"Iwe, chipewa n'cha boma!"

"Nanga mutu?"

Onse anayang'ana uku ndi uku, kenaka aliyense anayamba kukonza katundu wake ngati sanamve.

A Malizani anakhala pa chidebe pambali pa akazi awo. A Nangondo anali mayi wosafulumira, woti akamaunjika tomato ngakhale mvula imadikira. Anamvetsera nkhani yonse osasiya kuunjika.

"Ndiye musamuke pano, Nangondo," anamaliza a Malizani. "Mukapeze malo kuseri kwa ogulitsa nsomba."

"Ndisamuke ndipite kuti? Pano ndakhalapo kuyambira ndili ndi mimba ya Tiyese. Ndipo ndikasamuka ine, enawa nsanjayo iwadumpha? Tandiuzaninso lamulolo, bambo a Tiyese. Mmene analifuulira Kholingo."

"Khomo litalike pofika Loweruka."

"Litalike."

"Eya."

"Sanati likwere?"

"Nanga si chimodzimodzi?"

A Nangondo anaika tomato womaliza pamwamba pa mulu, n'kuwayang'ana amuna awo mmene ankawayang'anira akamafunafuna chipewa chili kumutu.

"Chitsime cha kwathu kwa Mtsinjewauma, anthu amati n'chachitali. Munachionapo chikupita kumwamba?"

A Malizani anaimirira, chidebe n'kugwa, ndipo anawoloka msewu ali chothamanga ngati mnyamata, kukagwada pakhomo n'kuyamba kugogoda pansi ndi chipande. Maziko a agogo awo anali akuya, amiyala, ozama kuposa msinkhu wa munthu. Pakati pa mphuthu ziwiri za khomo panali dothi lokhalokha.

Anakumba masiku anayi. Kunja anamanga masitepe atatu otsika, m'kati atatu okwera, onse a njerwa, osalala bwino. Mtanda sanaukhudze, ngakhale kuupukuta fumbi. Lachisanu a Mwatero anabwera ndi nsungwi yodulidwa molingana ndi msinkhu wa Mfumu pamodzi ndi chipewa. Anatsika nayo m'dzenjemo, nsungwi inadutsa chilili, pamwamba n'kutsala malo a zala zinayi.

"Latalikatu, bwana," anatero a Malizani.

A Mwatero anayang'ana nsungwi, anayang'ana dzenje, anayang'ana kumwamba kufuna wina woti awauze maganizo awo. Sanapeze aliyense.

"Mwatero," anayankha.

Loweruka anthu anadzaza msika mpaka kuseri kwa ogulitsa nsomba, chifukwa lamulo linati aliyense abwere mwa kufuna kwake. A kutsogolo okha ndi amene ankaona khomo. Ena onse ankadalira Kholingo.

"Mfumu yafika!"

Anthu anaomba m'manja mmene amaombera anthu olamulidwa, kuwerenga kuti kakwane katatu.

"Mfumu yaima! Mfumu yayang'ana khomo! Mfumu yamwetulira!"

Mfumu inakonza chipewa, inatukula chifuwa, n'kuponda sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Kholingo anakoka mpweya wonse wa m'chigawocho.

"Mfumu yatsika!"

Kunali zii. Ngakhale nkhuku za m'madengu zinaleka kulira. Kenaka kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa nsomba, mayi wina analiza nthungululu, yaitali, yochokera pansi pa mtima. Wina anailandira. Posakhalitsa msika wonse unali utayaka. Amuna ankaponya zipewa m'mwamba, wamakala anakumbatira wamandasi mpaka kumudetsa bulauzi, ng'oma imene palibe ankadziwa kuti ilipo inatulukira pansi pa benchi ya kaunjika. Mkulu wina wa ndodo, amene anali asanawongoke msana kuyambira nthawi ya Ndinedi Wachitatu, anaiponya ndodoyo n'kuyamba kudula chiuno. Anjinga anali atauyamba kale ulendo wokauza kumidzi kuti Mfumu yatsika pampando.

A Malizani anangoima pambali pa khomo, akuonerera. Izi sanaziganizire. Iwo ankangofuna kupulumutsa mtanda.

M'dzenje muja Mfumu inaima, misozi ili m'maso.

"Mwatero, ukumva? Zaka khumi ndi zisanu ndili pampando, sindinadziwe kuti amandikonda chonchi."

Kwa nthawi yoyamba pa unduna wawo, a Mwatero sanayankhe.

Mfumu inadutsa pansi pa mtanda chilili, chipewa osakhudza, n'kuponda masitepe a m'kati. Kholingo, wokhulupirika mpaka imfa, anasuzumira n'kutembenukira kumsika.

"Mfumu yakweranso!"

Ng'oma inaduka ngati yabooka. Kunamveka "aaa" mmodzi, wautali, wa anthu zikwi, wofanana ndi wa ana akauzidwa kuti alendo adya nkhuku yonse. Mkulu uja anayamba kufunsa amene waona ndodo yake.

Ndinedi Wachinayi sanali wanzeru kwambiri, koma makutu anali nawo. Anakhala pampando wake, akusinkhasinkha kusiyana kwa phokoso loyamba ndi lachiwiri. Ali m'kati mosinkhasinkha, nduna zinayamba kulowa, ndipo apa ndi pamene panagwa tsoka lachiwiri. Zinkalowa chilili. Kwa zaka zonsezi Mfumu inkaona anthu ake akutulukira pakhomo mitu ili pansi, n'kubwera chowerama mpaka pamipando yawo, poti msana ukapindika pamaso pa mfumu suwongoka msanga. Tsopano inaona zipumi, mphuno, ndi maso. Maso ambirimbiri, onse akuyang'ana iyo.

"Kodi anthu amenewa ndani?" inafunsa. "Iwe, wandevu zakuthwawe, ukufuna chiyani muno?"

"Ndine Nduna Yaikulu, mwini dziko."

"Bodza! Tawerama ndikuone."

A Mwatero anawerama. Dazi lija linawala.

"Oo, ndiwe Mwatero. Nkhope imeneyo unayamba liti kukhala nayo?"

Mfumu inayang'ananso pakhomo. Wosesa anali akulowa ndi tsache lake, chilili, ngati mwini nyumba. Pambuyo pake pankabwera mlembi, chilili, akutokosa m'mano. Mfumu inafuula.

"Malizani!"

A Malizani anatsika masitepe, anakwera masitepe, n'kugwada. M'mutu mwawo anali atayamba kale kusankha zoti anyamule popita ku Iwalani.

"Ndani anakuuza kuti ukumbe dzenje pakhomo panga?"

"Lamulo linati litalike, mwini dziko. Ine sukulu sindinapite patali, ndinangolitalikitsa kumene kunali malo."

"Anthu akulowa muno ngati akulowa m'khola la ng'ombe! Ulemu uli kuti?"

"Ulemuwo unali pa mtanda uja, mwini dziko. Ukadalipo. Kungoti pansi ndi pamene pathawa."

Mfumu inavula chipewa, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali ngati mnzake amene waipusitsa pa malonda.

"Kwirira."

"Lolemba, mwini dziko?"

"Lero! Pompano! Ukufuna nditulukire pati? Ndikaponda masitepe amenewo, chitsiru chili pakhomocho chifuulanso, ndipo ng'oma ija sinapite patali. Muno satuluka munthu mpaka dzenjelo litatha."

"Mwatero," anatero a Mwatero, mawu awo atabwerera, chimwemwe chili pankhope imene Mfumu inali itaiwala kale.

A Paja anaimirira pomwepo n'kulengeza kuti kafukufuku watsopano wasonyeza kuti khomo lalifupi ndi nzeru zakuya za makolo athu, zimene ngakhale a ku Hangare akanazitengera akanakhala ndi mwayi, ndipo amene analitalikitsa anali adani a chikhalidwe. Atafunsidwa kuti adaniwo ndani, anayankha kuti kafukufuku akupitirira.

Ntchito imene inatenga masiku anayi kukumba inatenga maola atatu kukwirira, chifukwa msika wonse unathandiza. Amayi ankabwera ndi dothi m'madengu a tomato, wamakala anabwereketsa wilibala, ndipo aliyense pothira dothi ankasuzumira m'katimo kuona boma litakhala phee, likudikira kuti anthu wamba alitsegulire njira. Wotchi inkanenabe kuti ndi nthawi ya nkhomaliro, ndipo tsiku limenelo nduna zinaimva kuwawa kwake.

Dzuwa litapendeka, a Malizani anapondaponda dothi lomaliza, n'kuyala njerwa zakale zija m'malo mwake. Anaimirira, n'kuika dzanja pa mtanda. Unali wozizira, wolimba, wopanda bala ngakhale la chikhadabo. Anakumbukira bambo awo ndi agogo awo, n'kuusisita kawiri.

"Mwamaliza, a Malizani?" anafunsa a Nangondo, atabwera kudzatenga dengu lawo.

"Ndamaliza. Koma mtima ukundiwawa pang'ono, Nangondo. Anthu analowa chilili tsiku limodzi lokha, ine ndemwe ndawabwezeranso kowerama."

"Inu mumaliona khomoli muli m'kati, n'chifukwa chake. Tabwerani mudzakhale pabenchi panga, muone chimene chimandiletsa kusamuka."

A Malizani anawoloka msewu n'kukhala pa chidebe chija. Amayi a pamzere wonsewo anali atasiya malonda, atakhala mwaulemu, miyendo atapinda, manja ali okonzeka.

"Mfumu ikutuluka!" anakuwa Kholingo.

Pakhomo la kwa Weramani panayamba kutulukira dzanja logwira chipewa. Kenaka panatulukira mutu wa Ndinedi Wachinayi, uli pansi, msana utapindika bwino lomwe, kuweramira tomato, makala, mandasi, matemba, ndi onse amene makolo awo anasenza njerwa za nyumbayo. Pambuyo pake panatulukira dazi la a Mwatero, kenaka a Paja, boma lonse mmodzimmodzi, aliyense kupereka ulemu wake kumsika.

Amayi aja anaomba m'manja mofatsa, mwa chikulu, mmene amayankhira munthu akalonjeredwa ndi mwana woleredwa bwino.

"Zikomo, zikomo," anatero a Nangondo chapansipansi. "Ife tili bwino, kaya inu."